Batani Limene Linandichedwetsera Ukwati

Mukandiona Lachitatu masana ndikukwera mtunda wopita kutchalitchi, katekisimu kukhwapa, musandifunse kuti ukwati uja uli liti. Amene anandifunsa komaliza sitikuyankhulana mpaka pano. Koma poti nkhaniyi yafika kale ku Malomo, ndipo akuithira mchere wawo (ena akuti ndinaluma abusa), bola ndiifotokoze ndekha mwini wake.

Ine ndine wa mtima wapachala, sindikana. Sukulu ndinasiyira Fomu 2 titasemphana ndi aphunzitsi a masamu. Chaka chatha, pa mpira wa mudzi wathu ndi anyamata a ku Bowe, ndinamenya woimbira mbama imodzi yokha (mpaka lero ndikuti sichinali chigoli chimene chija). Mpingo unandidula. Kwa inu osadziwa, ukadulidwa sudya mgonero ndipo sumanga ukwati wa m'tchalitchi, mpaka utalowa kalasi ya obwerera ndipo akulu a mpingo atakhutira kuti wasintha.

Za mgonerozo ndikanapirira. Vuto linali Esinati, chibwenzi changa. Malume ake, a Kafuwa, ndi mkulu wa mpingo wa dera lathu, ndipo anandiuza maso ndi maso: "Mwana wa mlongo wanga salowa m'nyumba ya munthu wodulidwa. Mukabwezeredwa tidzakambirana."

Ndiye ndinalowa kalasi. Miyezi isanu ndi umodzi ndinali nkhosa. Kondakitala wa minibasi anandiponda phazi ku Mponela, ine n'kumuuza kuti zikomo. Mbuzi ya aneba inalowa mu nazale yanga ya fodya, ine n'kuinyamula ngati khanda kukaitula kwawo. Anthu ankati ndi Mzimu. Zoona zake n'zakuti ukali wonse ndinkauthera pa magemu.

Tili ana, pa Malomo panali kanyumba koonetsa kanema komwe kanali ndi kamakina ka magemu, kolumikiza ku TV, kolowetsa timakaseti. Ife a matumba obooka tinkangosuzumira pawindo. Ndiye nditagulitsa soya n'kugula laputopu yakale ku Mponela, wogulitsayo anandiikira kapulogalamu kotchedwa emyuleta. Ntchito yake n'kunamiza kompyuta kuti ndiyo kamakina kakale kaja, ndipo magemu onse amene ndinkawaonera pawindo anabwera pamiyendo panga.

Koma ubwino wake weniweni ndi uwu. Pa kamakina kaja ukafa unkayambiranso pachiyambi. Pa emyuleta pali mabatani awiri oyandikana: lina losungira pomwe wafika, lina lobwezera pomwe unasunga. Ukalakwitsa, ungodina lobwezera, basi uli moyo ngati sipanachitike kanthu. (Ndinkaganiza kuti moyo ukanakhala chonchi, woimbira uja bwenzi ndikumumenya n'kumabweza, kumumenya n'kumabweza.) Wogulitsa uja anandichenjeza kuti ndizisunga m'malo angapo, poti malo alipo khumi. Ine ndinati zimenezo n'za amantha. Ndinkasunga pamalo amodzi.

Gemu imene inandigwira inali ya kamunthu ka lupanga kofuna kukwera nsanja. Masabata atatu ndinalimbana nayo, kuchokera kumunda n'kufikira pa laputopu, mpaka ndinafika pa khomo lomaliza. Chinatsala n'kudumpha dzenje limodzi la moto.

Loweruka limene akulu a mpingo anaitana obwerera, ndinavala shati yoyera, Esinati atandisitira. Laputopu ndinaitenga pa chifukwa chimodzi chokha: kwathu kulibe magetsi, koma kutchalitchi kuli sola, ndipo soketi yake ili m'kachipinda kovaliramo abusa. Aliyense amadziwa zimenezi. Ngakhale amayi a chigwirizano amatchajamo mafoni.

Milandu inali yambiri. Ife odikira tinakhala panja mpaka mvula inatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi. Anzanga anathawira pakhonde. A Kafuwa anatuluka n'kundikodola.

"Inu lowani m'kachipindamu, mungadetse shati. Mwatsala pang'ono. Khalani phee, muzipemphera."

"Chabwino, malume."

Anandiyang'ana chifukwa cha mawu oti malumewo, koma sananditsutse. Mtima wanga unati myaa.

Ndinalowa. Patebulo panali thireyi ya tikapu ta mgonero wa mawa lake, totsukatsuka, tovundikira ndi nsalu yoyera. Ndinaisuntha pang'ono mwaulemu, n'kuika laputopu pambali, n'kuilumikiza ku soketi. Ndinapempheradi, mphindi ngati ziwiri. Kenako ndinaganiza kuti munthu amene akupita kukaonekera pamaso pa akuluakulu ayenera kukhala ndi mtima wokhazikika, ndipo palibe chimene chikanandikhazika mtima ngati kudumpha dzenje lija. Ndinavala mahedifoni kuti ndisasokoneze msonkhano (onani ulemu wanga).

Chimene ndinaiwala n'chakuti khoma la pakati pa kachipindako ndi tchalitchi silifika kudenga. Tinalimanga tokha achinyamata, njerwa zinatithera.

Kudumpha koyamba, m'moto. Ndinabweza. Kachiwiri, m'moto. Ndinabweza, mtima uli m'malo. Kachisanu ndi chiwiri kamunthu kanadumpha bwino, phazi n'kukhudza m'mphepete, n'kuterereka. Kali m'malere, kakugwa chadodolido, chala changa chinathamangira batani lobwezera.

Chinadina losungira.

Pansi pa sikirini panatuluka timawu tosonyeza kuti zasungidwa. Ndinadina lobwezera: kamunthu kali m'malere, kakugwa, psuu m'moto. Ndinadinanso: m'malere, psuu. Masabata atatu onse ndinali nditawafufuta, n'kusunga imfa. Kulikonse kumene ndikanabwerera kunali kugwa komweko.

Zimene zinkachitika kuseri kwa khoma ndinazimva pambuyo pake, kwa a Kafuwa eni ake. Akuti nthawi imeneyo n'kuti ataimirira, akundichitira umboni. "Abusa ndi akuluakulu, mnyamatayu ndamuona ndi maso anga. Mkango uja wasanduka mwana wa nkhosa. Mawu ake masiku ano ndi ofatsa ngati..."

"Dumpha, galu iwe! Dumpha!"

Ameneyo ndinali ine. Munthu wa mahedifoni sadziwa kukula kwa mawu ake.

A Kafuwa anatsokomola n'kunena kuti mwina ndi ana a panja.

"Miyendo uli nayo ya chiyani? Masabata atatu ndakunyamula ine, chitsiru! Lero ndikuswa! Ndikuswa pompano, aone amene akulanditse!"

Apo akuluakulu anadzuka onse, poganiza kuti ndapanikiza munthu pakona. Ine sindinamve chitseko. Ndinadina komaliza, kamunthu psuu, ndipo chibakera changa chinatsika patebulo. Sindinamenye laputopu, ndinali ndi nzeru pang'ono. Ndinamenya m'mphepete mwa thireyi.

Abale, tikapu ta mgonero timauluka. Sindinkadziwa. Tina tinagunda malata, tina tinagubuduzika mpaka pa nsapato za anthu amene ndinali ndisanawaone. Nsalu yoyera ija inanditera pamutu. Dzanja linandigwira paphewa, ine osatembenuka n'komwe:

"Tandisiyani inu, simukuona kuti ndafa?"

Nditachotsa nsalu ndi mahedifoni, ndinapeza abusa. Kumbuyo kwawo akulu a mpingo khumi ndi awiri, akusuzumira pansi pa tebulo kufuna munthu amene ndinkamupha. A Kafuwa anali atagwira kakapu kamodzi kamene anakawakha m'malere.

"Ali kuti?" anafunsa abusa.

Ndinaloza sikirini. Kamunthu kanali katagona m'moto, kanyimbo ka maliro kakulira m'mahedifoni.

Abusa athu sakalipa, ndipo n'chimene chimawawa. Anakoka mpando, n'kuvala magalasi. "Tandifotokozere bwinobwino, mwana wanga. Walakwa chiyani mnzakoyu?"

Ndinafotokoza zonse. Za kamakina ka pa Malomo, za emyuleta, za mabatani awiri aja. Ndinawaonetsa: ndinadina, kamunthu n'kugwa. Anati ndidinenso. Kanagwanso. Mkulu wina wachikulire kumbuyo anati, "Kalanga ine, kosauka."

"Ndiye sikangapulumuke?" anatero abusa.

"Ayi, abusa. Pokhapokha kuyambiranso pachiyambi penipeni."

"Palibe njira yachidule?"

"Palibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa akuluakulu. "Mwamva nokha. Mwini wake akuti palibe njira yachidule. Alembi, lembani: kalasi ayambirenso pachiyambi penipeni."

Chigamulo ndinadzipatsa ndekha, ndi pakamwa panga.

Tikapu ndinatola chogwada, n'kukatsukanso kumjigo mvula ikundikwapula. A Kafuwa anandipatsa kawo kaja komaliza. "Ndipo mawu oti malume aja," anatero, "muyambe mwawasunga. M'malo angapo."

Esinati ndinamupeza akusenda chinangwa pakhonde. Anali atamva kale (mjigo uli pafupi ndi kwawo). Sanandiyang'ane.

"Nsalu ya anamwali operekeza ndinasankha kale," anatero. "Ndiwauze chiyani anzanga?"

"Miyezi isanu ndi umodzi si yambiri, Esi."

"Ndidikira iyi yokha. Ukadzagwanso, usadzandifunefune. Ine ndilibe batani lobwezera." Kenako anatambasula dzanja. "Bweretsa."

Laputopu ili kwa iye, m'sutikesi, pansi pa nsalu ya ukwati ija. Amandibwereka Lamlungu masana okha, iye ali pompo, ndipo mahedifoni anakana. Akuti akufuna azimva zonse zimene ndikukauza kamunthuko.

Kalasi ndili mwezi wachitatu. Gemu nayo ndinayambiranso, ndafika pakati. Abusa atandifunsa sabata yatha chimene ndaphunzira pa zonsezi, ndinayankha kuti kuugwira mtima, ndipo anakondwa. Koma inu ndikuuzeni zoona: masiku ano ndimasunga m'malo onse khumi, ndipo batani losungira lija ndinalimata kachidutswa ka chingamu kuti chala chizilizindikira.

Dzenje lija likundidikira kutsogoloku. Ndawerengera bwino, ndipo ndikapitiriza liwiro limeneli ndidzafikapo sabata yomweyo imene akuluakulu adzandiitanenso. Esinati akuti ndidzadumphe ukwati ukatha. Ndavomera. Koma kudumpha kwake n'kumodzi kokha, abale.