Ndidakali Moyo, Bwana, Ngati Mungalole

Kaduya, Phalombe
Mwezi wa Juni, 1953

Kwa Bwana Wamkulu Woona za Katundu wa Akufa,

Ndagwada polemba kalatayi, Bwana, ndipo pepani kuti ikuchokera kwa munthu amene kwawo akumutchula malemu. Ndine Sitima, mkamwini wa ku Kaduya, uja ndinatsala kumvera malangizo anu pamene anzanga anazembera kuphiri kukatola nkhuni.

Choyamba, zikomo chifukwa cha wilu. Kalaliki wanu anatiphunzitsa pa msika wa Migowi kuti munthu wanzeru amagawiratu katundu wake papepala asanafe. Ine kuno munda ndi wa mkazi wanga Eveles, nyumba ili pa dothi la kwawo, ana ndi a malume awo. Komabe ndinalembetsa tomwe ndili nato: njinga kwa Phillip, mwana wa mlongo wanga, bulangete ndi jekete kwa abale ena. Mboni zinadinda chala.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mesenjala wanu wachangu. Pepala loti lisungidwe mpaka nditamwalira, iye anabwera nalo kumudzi n'kuliwerenga pabwalo mokweza, chidindo chili poyera. Kwathu kuno katundu amagawidwa maliro atatha, anthu atameta. Ndiye akuluakulu anati ngati Boma lagawa katundu, maliro anachitika kale, iwo ndi amene anachedwa kumva uthenga. Anameta tsiku lomwelo. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndinawabwereka lumo langa, poti ndilo lokha ndinaiwala kulilembetsa.

Chachitatu ndi pepala lina lija, lopatsa munthu mphamvu yondiyankhulira ndikadzalephera kuyankhula ndekha. Ndinasankha Phillip yemweyo. Tsopano ndikati ndili moyo, akuluakulu amandikhazika chete mwaulemu, akuti wondiyankhulira alipo. Phillip akafunsidwa amayang'ana ine, amayang'ana njinga, kenako amati nkhaniyi ndi yosafunika kuithamangira.

Za bulangete lomwe abale anatenga kale sindidandaula, ngakhale chiperoni chikatsika m'phirimu sichifunsa kuti wamoyo ndani. Chandiwawa ndi ichi. Abale anga aviika kale mawere a mowa wosudzulira Eveles, kuti amasuke, akwatiwenso. A Makina, atelala a ku Migowi, ayamba kudutsa pakhomo panga atanyamula nsalu, ndipo amandipatsa moni wa chipepeso. Eveles amandiphikirabe, misozi ili chuchuchu, koma akuti iye ndani kuti atsutsane ndi chidindo. Mkaziyu ndimamukonda, Bwana, ndipo ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi laling'ono. Kapepala kamodzi, ka chidindo chomwecho, konena kuti Sitima akupuma, kafike mowawo usanapse. Phillip musamufunse.

Koma ngati ntchito yakuchulukirani, ndimvetsa, anthu akuluakulu simusowa zochita. Pamenepo ndingopempha kuti nanunso mulawe zabwino zomwe munatikonzera. Lembani wilu yanu, mutume mesenjala yemweyo akaiwerenge pakhonde panu. Ife a ku Kaduya tidzabwera ndi madengu, titametameta bwino, kudzakuthandizani kutsatira lamulo. A Makina afunsa kale ngati a Dona, akazi anu, amakonda nsalu ya maluwa.

Ine kapolo wanu womvera mpaka imfa, ndi kupitirira apo,

Malemu Sitima,
wolemba ndi dzanja lake.