Sabata Yathu Yosunga Mfuti

Achemwali, musandiyimbire. Foni ikalira andipeza. Ingomverani uthengawu, ikani foni pakhutu, ndikunong'ona dala.

Ndili kuchipinda kwathu, ndakhala pansi, msana ndatsamiritsa pachitseko cha sefa ija, kabati yachitsulo yosungira mfuti, mapazi ndaponda bedi. Sindingachoke. Zabwera. Mfuti zija zabwera zonse masana ano, ndiye sefa ikukana kutsekeka, ndikangochotsa msana chitseko chikuyasama chokha. Ana akusewera chibisalirano pabalaza, akuyesa nanenso ndabisala, akundifunafuna nyumba yonse. Ndipo malo amene Yankho amakonda kubisala mukuwadziwa? Mu sefa momwemu.

Ndikudziwa mukuseka uko ku Arlington. Mukuti Ethel wayambanso, Ethel uja ankathawa nkhuku yofungatira. Sekani. Koma ine pano sindikuopa mfuti, mukumva? Mfuti ndi zimene zimandiopa ine. Amene akukana abwere adzakhale pamene ndakhalapa, tione ngati msana wake sututuma.

Dikirani ndikulongosolereni, poti inu nkhani za kuno mumangozimva m'mphepete. Alamu anu, bambo a Tadala, anadwala matenda a mfuti chibwerereni kuno ku Wheaton. Munthu woti kumudzi ngakhale legeni ankaigwira chafufumimba. Ntchito yawo ndi ija yosamalira okalamba ku Bethesda, malipiro akalowa lendi yameza, zotsala ameza matewera a Mphatso, ndiye mfuti agule ndi chiyani? Basi anakhala pansi ndi anzawo, a Phiri a ku Chipata aja ndi ena, nkuyambitsa chipereganyu. A Phiri amati chilimba. Anthu anzeru chipereganyu amagulira firiji, amamangira amayi awo nyumba. Awa ayi. Awa amagula mfuti, ndipo mfutizo nazonso zimayenda chipereganyu, sabata ino kwa uyu, sabata yamawa kwa uyo, kuti bambo aliyense azipukute, aziyale pabedi, ajambulitse atanyamula chifuwa, atumize kumudzi anthu aziti zonsezi ndi zake.

Mapepala ali nawo, pamenepo musade nkhawa, anakhala m'kalasi, anadinditsa zala. Koma mfuti zake, achemwali. Zapakaunjika. Amapita ku chionetsero cha mfuti tsiku lotsekera, ogulitsa atatopa, nkumasankha za pansi pa tebulo ngati tomato wamadzulo. Pali ina yaitali, yakale moti imayamba yatsokomola isanalire. Pali ina mukaikhethemula Loweruka imalira Lolemba, munthu ali kale pa shifiti. Pali inanso yokhota mlomo, kuti ulase cha kutsogolo uyenera kuloza kwa mnzako wakumanzere, nchifukwa chake a Phiri masiku ano amaima kumanja.

Tadikirani. Mapazi.

Adutsa. Ndi Tadala, wapita kubafa, akutsegula makatani.

Sefa imeneyi nayo ndi yotola. Anaipeza kwa mzungu wina amasamuka, anati tengani ulere bola muinyamule nokha. Masabata amene mfuti zili kwa anzawo imangokhala yopanda kanthu, ndiye ine ndinaona kuti kabati yachitsulo yabwino chonchi singamadye malo pachabe, ndinayamba kusungamo usipa uja anatumiza amayi, ufa wa mgaiwa, zitenje zanga za ku ukwati, poti muno mphemvu sizilowa. Ana nawo anaipanga nyumba yawo. Lero a Phiri afika ndi zikwama zazitali, alamu anu akuthamangira basi ya kuntchito, atulutsa usipa wanga mwaphuma, alowetsa mfuti, akankha chitseko ndi bondo, kiyi mthumba, ulendo. Osaona kuti thumba la ufa linang'ambika kalekale, ufa unadzaza m'kamwa mwa loko, loko yakhuta, sikuluma. Ine ndimati ndiwaitane, a Phiri ali pamasitepe akuti, "Mulamu, osayopa, mulibe vipolopolo umo, ni vinsimbi chabe." Vinsimbi chabe, eti zitsulo chabe. Ndiye ine ndisiye ana anga ndi zinthu zoti ina imalira Lolemba? Alamu anu foni sayankha, kuntchito amasiya m'kabati.

Koma ndimati ndikuuzeni chifukwa chake mfuti zimandiopa. Mukukumbuka Loweruka lija munanditsalira ndi ana, ndinati ndikuperekeza alamu anu kokaombera? Sindinakuuzeni zonse, ndinaopa mungachite nsanje. Lero mumve.

Tinapita kutali, kunja kwa tauni, kumalo kumene anthu amalipira kuti aziombera mapepala. Azungu kumeneko amaombera ngati akuwaza chimanga kwa nkhuku, phuphuphu, osawerenga. Amuna athu ayi. Amuna athu chipolopolo amayamba achiyang'ana, achisisita, achitsanzika. Nthawi yambiri amangoloza nkunena ndi pakamwa kuti phaa, kenako nkumatsutsana ngati walasa kapena waphonya. Azungu akachoka, alamu anu amagwada nkumatola makoko a zipolopolo m'jumbo ngati akukunkha mtedza m'munda mwa eni, akuti akadzazanso okha kunyumba kwa a Phiri. Zotseka m'makutu anagula zimodzi, amagawana khutu limodzilimodzi.

Ndiye dzuwa litapendeka kunatsala chipolopolo chimodzi, chodzaza okha chomwecho, chopindika, choti aliyense anachikana. A Phiri akuti mpatseni mulamu alaweko, tisekeko. Ndinachilandira, ndinachigwedeza pakhutu, ndinamva kuti onga ndi wochepa, poti amuna athu onga amathira ngati mchere wa odwala BP. Ine m'chikwama simusowa kambuzi, mukudziwa. Ndinafinyiramo kamodzi, nkutseka ndi chala. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinatenga yaitali yotsokomola ija, inayamba kukhosomola, ndinaisisita pamsana ngati mwana wakhanda mpaka inageya, kenako ndinatsinzina maso onse awiri, poti kupenya ndi kwa ophunzira kumene, ndiye khethe.

Achemwali, Mulungu ndi mboni. Chipolopolo chija chinatuluka chikuyetsemula ndi tsabola, chinaboola pepala langa pakatikati, chinaona kuti pepala la alamu anu likadali loyera ngati la mwana wosalemba mayeso, chinawamvera chisoni nkuboolanso lawo, chinakhota kukaboola la a Phiri, la azungu onse mzere wathunthu, mmodzi mmodzi, pakati penipeni, mpaka agogo ena a ndevu anavula chipewa nkuyamba kulira kuti chibadwire sanalasepo chonchi, ndipo chitatha pamenepo sichinagwe, mukumva, chinatuluka pageti, chinaima pa roboti poti inali yofiira, chinadikira, itasintha chinalowa msewu waukulu uja wozungulira tauni, chinapeza magalimoto athithikana monga mwa masiku onse, chinati ine izi ayi, chinatsikira m'sitima yapansi ija yodutsa ku Bethesda, chinakhala pampando bwinobwino, chinapatsa malo mayi wina woyembekezera, chinatsika pa Wheaton pano nkukwera masitepe oyenda okha aatali aja, aja oti umakwera uli ndi mimba ukafika pamwamba mwana wayamba kuyenda, chinalowa m'sitolo kukaona mtengo wa azibale ake, chitaona mtengo chinadzidzimuka nkubwerera chambuyo.

Mukuti ndikunama. Ndikukumvani mpaka kuno. Nanga nyama ija munadya sabata yotsatira munati ikukoma, mumayesa inachokera kuti? Pobwerera chipolopolo chija chinakumana ndi gwape, awa amayenda m'mayadi mwa anthu kuno ngati mbuzi zopanda mwini, chinamugwetsa, chinamusenda, chinadula nthuli, chinasiyanitsa chiwindi ndi matumbo, ndipo poti chinali ndi kambuzi nyamayo inafika yothira kale tsabola. Ine ndikutsegula maso, amuna onse ali kukamwa yasa, ndangomva kanthu kakugogoda pabondo. Kuyang'ana, ndi chomwecho, chatopa, chikupuma wefuwefu. Ndinangotambasula chitenje, chinalumphiramo, nkugona.

Kuyambira tsiku limenelo chipereganyu chonse chimaombera chipolopolo chomwecho. Sagulanso. Chimapita, chimabwera. Koma chimamvera ine ndekha, alamu anu akachituma chimapita monyinyirika, nthawi zina chimakagona kwa eni. Azungu aja anandipempha kuti ndiziwaphunzitsa, wina anafuna kugula chitenje changa, ndinakana, ndinati ndili ndi ana aang'ono, nthawi ndilibe. Ndiye munthu ngati ameneyo mungamunene kuti wamantha?

Imani kaye.

Achemwali. Muno muli munthu.

Ndikumva kupuma. Si ine, ndagwira mpweya, kukupitirirabe. Kukuchokera pansi pa bedi.

Dikirani ndimvetsere kunja. Uyo akuitana mami, mami m'khitchini ndi Tadala. Uyo akumenya chivundikiro cha poto ndi Yankho. Uyo wayamba kulira pabalaza ndi Mphatso, wadzuka m'kabedi kake. Ine ndinabereka atatu. Atatu onse ali kunja. Nanga akupuma pansi pa bedi langa ndani?

Musazimitse, khalani nane. Msana sindichotsa. Nditambasula mwendo, ndifufuze ndi phazi. Pali sutikesi. Pali nsapato za tchalitchi. Pali jumbo ya makoko ija, iyo ikulira ngwerengwere. Pali chofunda. Chofewa. Chili ndi zala.

Ndakoka ndi zala zakumapazi. Kwatuluka kamwendo kovala sokosi yapinki.

Ndi Natasha. Mwana wa a Phiri, wamng'ono uja wa msinkhu wa Yankho. Anabwera naye, ndiye kuti anangolowa m'masewera a anzake nkudzabisala muno ife tili pakhomo, tulo nkumupeza. Bambo ake atsitsa mfuti, awerenga mfuti zawo bwinobwino kuti zakwana, akwera galimoto, apita. Mwana osamuwerenga. Ndipo ine ndimati ndingotuluka ndikhome chitseko cha chipinda, ndikanamutsekera muno yekha ndi sefa yoyasama.

Ayi, sindilira. Ndichita chonchi. Chitseko cha chipindachi chili ndi kabatani kamkati, ukakadina nkukoka uli panja chimakhomeka, ndipo kiyi wake sitinamuonepo chilowereni m'nyumba muno. Alamu anu amati tisamakadine, eni nyumba angatilipiritse. Alipira. Agulitse yokhota mlomo ija.

Foni ndaika m'bulauzi, muzimva mtima wanga, musadabwe. Ndamukokera Natasha pafupi. Ndamunyamula, akulemera ngati thumba la simenti, akadali mtulo, dovu lili paphewa panga. Tsopano ndichotsa msana. Ndachotsa. Chayasama. Sindikuyang'anamo, zisandione. Ndasuzumira pansi pa bedi, mulibe wina. Kuseri kwa makatani mulibe. M'kabati ya zovala mulibe, ndapapasa mpaka kumakona. Ndadina kabatani. Ndatuluka. Ndakoka.

Mwamva kulira kwake? Dikirani ndiyese. Ndapotokola, ndakankha ndi phewa, ndakankhanso ndi thako. Gwa.

Awo andiona, akubwera akuthamanga. Tadala akukuwa m'Chingerezi chake kuti wandipeza, wawina. Eya, mwanangu, wawina, wandipeza. Bwerani kuno nonse. Ayi, Yankho, kuchipinda sikulowedwa, kwatsekedwa, adadi akabwera akafunse okha. Khalani pansi apa, pamkeka, pamene ndikukuonani. Tadala, usamukoke mwendo mnzako, msiye agone.

Achemwali, ndakhala pansi. Yunifolomu ya mawa ya alamu anu ili mkatimo, bedi lili mkatimo, mfuti zawo zili mkatimo, zigone zokha ndi ufa wanga. Iwo agona pano pabalaza ndi ife mpaka agule loko yoluma. A Phiri muwayimbire ndinu, ine ndingawalankhule zoipa. Muwauze kuti mwana wawo ali bwino, ndipo pobwera kudzamutenga asabwere ndi chikwama chachitali chilichonse.

Dikirani ndiwagwire pamutu mmodzimmodzi. Tadala. Yankho. Mphatso, bwera kuno, tonthola, amayi abwera. Natasha.

Anayi. Onse ali kuno, kunja kwa chitseko.