Mpira wanga m'dimba la mayi Namaona

Mukadzadutsa ku Mikolongwe n'kuona mizere ya mbatata m'mphepete mwa dambo, kuseri kwa mitengo ya bulugama, musadzayamikire mlimi yekha. Mbatata imeneyo ndinabzalitsa ndine, ngakhale sindinagwireko khasu. Kale pamenepo panali bwalo la gofu.

Ndiyambe ndi kudzitama pang'ono, poti ndiko kunandipweteka. Ndili mnyamata ndinkanyamulira mabwana zikwama za ndodo ku kalabu ina ku Limbe. Malamulo a gofu ndinawamwa ngati phala. Kenako ndinapeza ntchito yoyendetsa malole, ndipo zaka zonsezo sindinapondenso pa bwalo. Koma m'mutu mwanga ndinali katswiri ndithu (mkazi wanga amati ndimaphunzitsa ndi nkhuku yomwe kuikira mazira).

Nditapuma ntchito tinabwerera kwawo kwa mkazi wangayo. Kumeneko ndinapeza alamu anga a Matiki, omwe ankagwira ntchito yolera ng'ombe, atayambitsa gofu ndi anzawo opuma ntchito. Alamuwa anadwalapo sitiroko, mwendo wina amachita kuukoka, ndipo adokotala anawauza kuti aziyenda. Kuyenda kopanda cholinga kunkawatopetsa, ndiye anagula ndodo zakale pa kaunjika, n'kukwirira zitini m'nthaka kuti zikhale maenje, mbendera zake nsungwi zomangirira nsanza. Malowo anabwereka kwa mayi Namaona, mayi wamasiye amene ali ndi dimba cha kumunsi kwake. Loweruka lililonse alamu ankadzuka akuimba mluzu.

Tsiku limene anandiitana, aphunzitsi a Nampinga, omwe anali mlembi wa gululo, anafuna kundifotokozera zinthu tisanayambe.

"Akulu, pali timalamulo tathu tapano, komanso ena a dziko lonse anasinthatu. Ndikuuzeni pang'ono?"

"Aphunzitsi," ndinatero ndikupukuta ndodo yobwereka, "gofuyu ndinamuyamba inu musanadziwe kugwira choko."

Anangoti, "Chabwino," n'kuseka chamumtima. Safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kukana ndi pondiuza pomwe.

Kwa amene simudziwa, gofu ndi wosavuta kumva. Umamenya kampira mpaka kalowe m'dzenje, ndipo wamenya kochepa ndiye wapambana. Ukalakwa amakuwonjezera nambala ngati chilango.

Pa dzenje loyamba mpira wanga unauluka bwino, n'kukatera pakatikati pa ndowe yaiwisi. Alamu anati lamulo lapano limalola kuutola n'kuugwetsa pambali popanda chilango, poti ng'ombe ndi zimene zimatchetcha bwaloli. Apo ndinavomera msanga. Ndinautola ndi tsamba, n'kuima njo ngati msilikali, nkhope kuloza ku mbendera, n'kuugwetsa chakumbuyo kudutsa paphewa, monga tinkachitira ku Limbe. Unagunda chidendene changa n'kubwerera mu ndowe momwemo.

"Alamu, mukuchita mwambo wanji?" anafunsa a Matiki akupukuta misozi ya kuseka.

"Ndi lamulo limenelo."

"Linali lamulo," anatero a Nampinga. "Linasintha, kenako linasinthanso. Masiku ano timawerama n'kugwetsa kuchokera pa bondo basi."

Ndinati mwina ndi gofu wa ku Chiradzulu ameneyo. Anandionetsa pa foni mzungu akugwetsa kuchokera pa bondo. Ndinati foni imanama.

Pa dzenje lotsatira ndinaona mpata wobweza. Alamu anakankha mpira wawo pafupi ndi chitini mbendera ili chiimire, mpira n'kugunda nsungwi n'kulowa. Ndinakuwa mpaka mbuzi zinadzidzimuka.

"Chilango! Simunazule mbendera!"

"Nalonso linatha, akulu," anatero a Nampinga mofatsa. "Ukafuna umaisiya."

Alamu anandisisita paphewa. "Musadandaule, alamu. Ifenso tinachita kuphunzira."

Mawu abwinobwino, koma anandibaya. Ine wa ku Limbe, kutonthozedwa ndi munthu wolowetsa mpira m'chitini cha majarini! Mumtima ndinalumbira kuti lamulo lotsatira ndipambana ndine, zivute zitani.

Ndiye tinafika pa dzenje la kumunsi. Ndinamenya ndi mkwiyo, mpira unakhotera kumanja, n'kudumpha mpanda wa minga, n'kugwera m'dimba la mayi Namaona.

"Apo ndiye ayi," anatero alamu, kuseka konse kutatha. "M'dimbamo sitilowa. Timaima pa mpanda, n'kuodira, eni ake amatiponyera. Inu mulandire chilango chimodzi, mumenyere panja pano."

"Lamulo lalikulu la gofu," ndinatero nditakweza chala, "ndi lakuti mpira umamenyedwa pomwe wagona. Kapena nalonso munalisintha?"

"Limenelo lilipo," anatero a Nampinga, "koma buku lomwelo limalola eni bwalo kuletsa malo ena. Lamulo lapano ndi lamulo ndithu."

"Alamu, chonde," anatero a Matiki motsitsa mawu. "Mayiwa anatipatsa malo ano ndi pangano limodzi lokha. Phazi lathu lisaponde m'dimba mwawo."

Ndinamva bwinobwino, sindinganame kuti mphepo inandisokoneza. Koma makutu anga anangosunga mawu awiri aja akuti "limenelo lilipo". Ndinasuzumira, m'dimba munalibe munthu. Ndinadumpha mpanda (thalauza linatsalako pang'ono pa minga).

Mpira unali pa kabedi kofoleredwa ndi udzu wouma. Ndinaganiza kuti ndi udzu wamba. Ndinaponda bwino, n'kukunga, n'kumenya. Udzu ndi dothi zinauluka, mpira uli pomwepo. Ndinamenyanso, unasuntha pang'ono. Pomenya kachitatu ndi pamene ndinaona timbewu tobiriwira titamatirira ku ndodo. Inali nazale ya tomato, yongomera kumene, ndipo theka lake linali pansi pa nsapato zanga.

Kumbuyo kwanga kunamveka kukhosomola. Mayi Namaona anali ataima ndi ndowa pamutu, akuchokera ku chitsime. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anatula ndowa, n'kugwada, n'kutola kambewu kamodzi kothyoka, n'kukayang'ana.

"Bambo awa ndi a kuti?" anafunsa, osayang'ana ine koma alamu.

"Ndi alamu anga, mayi. Amuna awo a chemwali."

"Oho, akamwini. Nanga simunawauze?"

"Tinawauza."

Ine, m'malo mogwada n'kupepesa, pakamwa panga panatuluka zina. "Mayi, malamulo a dziko lonse amanena kuti..."

"A dziko lonse?" anatero. "Ndiye kamenyereni ku dziko lonseko. Kuno ndi kwa Namaona."

Mawa lake ndinapita ndi mkazi wanga kukapepesa, titanyamula nkhuku ndi mbewu ya tomato. Nkhuku analandira, mbewu analandira, natikhazika pa mphasa mwaulemu. Koma za bwalo anati, "Nyengo yofesa yapita, tomato wanga adzapeza msika utadzaza. Ndipo wina akalowa lero, mawa alowa wina. Ine ndilibe mwamuna wondilondera." Sabata isanathe anyamata aganyu anali akuunda mizere kuyambira pa dzenje loyamba.

Chimene chimandiwawa si manyazi. Manyazi ndinawazolowera, ana a m'mudzi amanditcha a Dzikolonse ndipo ndimayankha. Chimandiwawa ndi alamu. Sananditukwane, sanandidandaulire ngakhale kamodzi. Anakulunga ndodo zawo m'thumba la feteleza n'kuzikweza kudenga. Malo ena anafunafuna, koma kuno malo opanda mbewu ndi manda okha. Loweruka saimbanso mluzu, ndipo mkazi wanga akuti mwendo uja wayambanso kulemera. Akamanena zimenezi amayang'ana kumbali, ine n'kumayang'ana pansi.

Masiku ano gulu lija limakwera kabaza kupita ku Mbombwe, kukakhala pa khonde la sitolo n'kumasewera bawo. Mwezi wathawu ndinalimba mtima n'kuwatsatira. Anandisunthira pa benchi. Ndinakhala pansi, manja ndili nawo pakati pa maondo, mpaka ndinaona a Nampinga akutapa njere m'njira imene sitinkachitira ku Limbe. Chala changa chinadzuka chokha.

"Aphunzitsi, pamenepo lamulo limati..."

Alamu anandigwira dzanja n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero, "khonde lino nalonso ndi lobwereka."