Mazira a Giredi 7

Lolemba
Mwini shopu wina ku Kadoma akuti azitenga mazira anga mlungu uliwonse, bola ndiwasankhe m'magiredi. Sakukakamiza munthu, akuti, koma osasankha sagula. Ndipite nawo Loweruka. Zikatheka, zowauka ndi dzuwa pamsewu wa ku Harare zatha. Ndatopa nazo ine!

Lachiwiri
Ndapinda mawaya awiri oyezera. Akuluakulu Giredi 1, apakati 2, timanyazi 3.
Giredi 1: atatu.
Giredi 2: asanu ndi anayi.
Giredi 3: ena onsewo.
Nkhuku zanga zimadya ngati mabwana, ntchito yake n'imeneyi? Abambo a ana akungoseka: "Ku mugodi tinkasankha miyala, osati zotuluka kumbuyo kwa nkhuku."

Lachitatu
Ndikuyeserera kaye pa anthu a kuno ku Chinengundu. Tsoka! Mai vaTendai, kasitomala wanga wakale, akukana Giredi 1 m'Chishona chawo, ati ndi tiana. "Giredi 1 ndivo vana vadiki, ndipeiwo Giredi 7!" Ndikuwaonetsa kukula kwake, sakumva. Kwa iwo giredi ndi ya kusukulu basi, ndipo mzere wonse wa ogula ukuvomereza.

Lachinayi
Wamisala anaona nkhondo. Ndatembenuza mapepala: akuluakulu Giredi 7, ting'onoting'ono Giredi 1. Akuluakulu atha isanakwane teni. Nzeru ndili nazo, sukulu yokha ndiyo idandithawa.

Lachisanu
Kupukuta, kuyeza, kulongedza. Mathireyi awiri, mapepala omata bwinobwino. Nkhuku ndazilankhula mwamphamvu. Tambala wayankha mwachipongwe.

Loweruka
M'kombi, minibasi yathu ya kuno, mathireyi ali pamiyendo, chigongono cha munthu m'nthiti. Palibe losweka, Mulungu ngwabwino. Kushopu bambo uja akuwerenga pepala: "Giredi 7? Amai, 3 ndi otaya kale, nanga 7 ndi ovunda?" Thireyiyo sakuitsegula n'komwe. Akutsegula ya Giredi 1. Timazira ngati ta njiwa! "Abwino anu ndi amenewa?" Ndikuti ndifotokoze za Mai vaTendai, iwo atseka kale thireyi. Malo apatsa mayi wina wa ku Selous. Manyazi andigwira mpaka m'mapazi.

Lamulungu
Kale dzira linali dzira, mtengo umodzi, mari n'kulowa m'thumba. Tsopano Chinengundu yonse ikufuna Giredi 7, ting'onoting'ono tikudya tokha ndi sadza, nsima ya kuno, m'mawa ndi masana. Mtima ukuwawa, kubisa ayi. Mawa ndibwerera pamsewu. Ndikufunafuna ambulera, ndaipeza kuseri kwa khola, nkhuku yaikiramo dzira. Lalikulu.