Wamkulu Amayankhula Pomaliza

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musayambe kuseka ndisanamalize. Ndinalota ndili pakhonde panga pompano, ndikupalasa makina anga osokera. Mukudziwa inu kuti khoma limene limandilekanitsa ndi ofesi ya komiti ya chitukuko ndi lopyapyala, moti a Khansala Chikakuda akayamba kukalipira mlembi wathu, mayi Fanesi, ine ndimamva zonse mpaka kusokera thumba la buluku chozondoka. Mwamvanso kuti alumbira zowachotsa ntchito pamsonkhano wa Lachisanu. Ndiye kutuloko Lachisanu linali litakwana, ndipo mawu anali kuboola khoma.

"Mkazi iwe, tiyi wanga ali kuti? Mpando uwu waupukuta ndi mapazi? Lero lomwe ukusiya makiyi patebulo, anthu onse akuona!"

Mtima unandiwawa, chifukwa chimwalirire amuna awo, a Fanesi akuphunzitsa ana ndi ntchito yomweyi. Ndiye makina anga anaima okha n'kutsokomola.

"A Jailosi," anatero makinawo, "zaka zonsezi mwakhala mukundiponda ine. Lero kwerani, ndikuyendetseni. Tikupita kumsonkhano."

Mwadzidzidzi ndinapezeka ndili pamwamba pa makina ngati ndakwera kabaza, tikudutsa pakati pa msika, ulusi ukukwekwereka kumbuyo, amayi a tomato akundibayibitsa. Pachipata mlonda wa pamsika anali atasanduka kakowa, waima ndi mwendo umodzi. Anatiimitsa n'kunena kuti sitidutsa pokhapokha timusokere batani pachifuwa. Makina anamusokera tili chiyendere, iye n'kutichitira sawasha ndi phiko.

Ndiye tinafika pabwalo la sukulu, pansi pa mtengo wa mango umene tsiku limenelo unali utamanga tayi. Anthu anali atadzaza, akuluakulu pamipando, enafe pansi. Wapampando wa komiti, a Kachingwe, ndikuwayang'ana chonchi anasanduka nanzikambe. Akayang'ana kwa anthu ankabiriwira, akayang'ana kumsewu kochokera galimoto ya a Khansala ankatuwa. A Fanesi anaima pambali atagwira chimkuzamawu, chifukwa mwambo wochotsedwera ntchito womwewo ankayendetsa ndi iwo.

Mwadzidzidzi galimoto inalowa, fumbi koboo. A Khansala potsika khosi linafiira n'kulendewera, jekete linatumphuka nthenga, kumbuyo kunatambasuka chimchira. Anali nkhukundembo, koma mawu anali awo omwe aja.

"Bweretsa chimkuzamawu kuno, gulugulugulu! Ndimuchotse mkazi ameneyu ndizipita, ndili ndi zochita!"

Apo mpando wawo wa khushoni unatukula mwendo umodzi ngati mwana wasukulu.

"Pepani bwana," unatero mpando, "ine ndakhala m'misonkhano yambiri pansi panu. Kuno kwathu amayamba kuyankhula ndi ang'onoang'ono, wamkulu amatsekera. Kapena inu mwachepa?"

"Ine kuchepa? Ine ndine wamkulu wa wadi yonse ino!"

"Ndiye khalani pa ine, mudikire ang'onoang'ono athe."

Nkhukundembo inakhala, itafufuma. A Fanesi anaitana wamng'ono kuposa tonse kuti abwere kutsogolo. Kunabwera tsache la muofesi, lokutha kale mbali imodzi, likudumphadumpha.

"Ndisanayambe," linatero tsache, "ndipereke ulemu kwa olemekezeka a Khansala, kwa wapampando ndi mitundu yawo yonse, kwa mafumu, kwa azibusa, kwa mtengo wa mango ndi tayi yake, kwa mipando ya khushoni, kwa mipando yopanda khushoni, kwa fumbi lonse monga mwa maudindo ake."

Ulemu wokhawo unatenga nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba zipse. Kenako tsache linati kusesa si ntchito ya mlembi, koma mayi Fanesi amaligwira m'mawa uliwonse osadandaula, ndipo a Khansala akalowa amapondamo ndi matope n'kufunsa kuti muno mumakhala nkhumba kodi. Anthu anaomba m'manja.

Ndiye kunabwera ketulo, nayo n'kuyambira ulemu pachiyambi penipeni, n'kuwonjezerapo tsache limene langoyankhula kumene. Inati yatopa kubwezedwa pamoto kuti tiyi wazizira, pamene womuziziritsa ndi mwini wake ndi kulongolola. Chidindo chinabwera chitamanga mpango kumutu. Chinati tsiku lina a Khansala anachimenyetsa patebulo popanda pepala, kungofuna kuopseza mlembi, ndipo mpaka lero chimaona zinthu ziwiriziwiri.

"Bodza, gulugulu!" inadzambatuka nkhukundembo. "Ndipatseni chimkuza..."

"Mwachepa kodi?" bwalo lonse linafunsa pamodzi, ndi mango omwe.

Inakhalanso pansi, n'kufufuma kuposa poyamba, mpando mpaka kubuula.

Mwadzidzidzi nthaka inagwedezeka. Unali mjigo wa kwa Mtambalika, wazuka ndi simenti yake yomwe, ukubwera utakweza mkono m'mwamba, amayi ndi zidebe akuuthamangira pambuyo. Unapereka ulemu kwa aliyense, mpaka kwa agalu ogona kuseri kwa kalasi.

"Pamimba panga pano analemba dzina la a Khansala," unatero mjigo, "koma nditafa chaka chatha, amene anapalasa njinga kukafuna amisiri ndi mayi awa. A Khansala anabwera nditachira, kudzajambulitsa akundigwira mkono."

Nthungululu zinalira. Nditacheuka ndinaona mzere wa ofuna kuyankhula wafika kumtsinje: njinga, mabenchi, maloko, nkhuku za aphunzitsi, belu la sukulu, aliyense akulimbirana kuti wamng'ono ndi iye. Dzuwa linatopa n'kutsika, linakhala panthambi ya mango n'kuitanitsa chimanga chootcha. Wina anabweretsa ng'oma. Amayi analowa m'bwalo, mabenchi nawo anayamba kuthyola chiuno, ndipo a Fanesi anaseka. Anzanga, chiyambire kukhala nawo pafupi sindinkadziwa kuti mayi aja ali ndi kampata pakati pa mano. Ndinasangalala ngati ndalandira mwana.

Ndiye nkhukundembo inali itafufuma mpaka kuphimba theka la bwalo, thukuta lili kamukamu, njala itaigwira, mawu ataunjikana pakhosi. Inayang'ana mzere uja, n'kuona kuti kumapeto kwake kwayamba kufola nyerere, iliyonse ndi mawu ake.

"Chabwino!" inakuwa. "Ndachepa! Ndine wamng'ono kuposa nonse! Ndiyankhule tsopano!"

Pomwepo mpweya unayamba kutuluka, fwiii, nthenga zikuuluka ngati akupeta, ana akuzitola kuti akapangire mpira. Fumbi litatha, pampando wa khushoni panali kamwanapiye kachikasu, kataimirira pakati pa nsapato ziwiri zazikulu. Chimkuzamawu chinawerama chokha mwaulemu n'kukayandikira. Kamwanapiye kanakoka mpweya, kanaloza a Fanesi ndi kaphiko.

"Tsiyo! Tsiyo! Tsiyo!"

A Kachingwe, nanzikambe uja, anatembenuza diso limodzi uku, lina uko, ndipo pang'onopang'ono thupi lawo linatenga maluwa a chitenje cha a Fanesi.

"Komiti sinamve bwino," anatero. "A mlembi, olemekezeka akuti chiyani?"

A Fanesi anawerama n'kutchera khutu. Tonse tinasendera pafupi, chifukwa apa akanatha kubweza zonse za zaka zija.

"Akuti ali ndi njala," anayankha. "Wina abweretse madeya ndi timadzi."

Anakanyamula m'manja, n'kukaika pamthunzi kuti akabawi asakaone. Bwalo linaphulika ndi chimwemwe, mjigo ukudzipopa wokha, madzi akuthovokera aliyense. Ine ndinali kuvina ndi ketulo pamene makina anga anandikoka buluku.

"A Jailosi, tsache layankhula, chidindo chayankhula. Mwa onse aimirira pano, munthu ndi uti?"

Ndisanayankhe, ndinamva dzina langa pachimkuzamawu. A Fanesi anati tsopano tiitane atelala a pakhonde, amene amamva zonse pakhoma. Ng'oma inaleka. Ndinaimirira, ndipo mawu anabwera okha, abwino, olongosoka, odzaza m'kamwa ngati mtedza. Ndinagwira chimkuzamawu ndi manja awiri.

"Ndisanayambe, ndipereke ulemu kwa..."

Ngwee, ngwee, ngwee! Anali akazi anga, akukokera chidebe chachitsulo pasimenti kuti akatunge madzi, kunja kutayera kale. Anasuzumira pakhomo n'kundipeza ndakhala tsonga pabedi, nditafumbata tochi pakamwa ndi manja awiri.

"Bambo a Tiyese, mukupereka ulemu kwa ndani m'mamawa uno?"

Sindinawayankhe, kuopa kuti mawu aja angatayike. Akadali m'kamwa muno, ndipo Lachisanu ndikuyamba ndine, poti telala ndiye wamng'ono. A Sitima, inu mwakhala apanu, mubwera pambuyo panga ndi njinga yanuyo.