Limanda wanga wa ku Rotherham

Abale anga, ndikanakhala kuti Mulungu sanandikonde, bwenzi nkhani iyi mukuimva kuchokera kwa apolisi.

Atatipatsa nyumba ku Rotherham, kuno kudziko la azungu, ine ndi ana anga awiri, ndinapeza kamtengo mumphika, m'kachipinda ka pansi pa masitepe. Anakasiya ndi amene ankakhalamo kale. Kanali kofooka, masamba otambalala ngati zala. Mtima unangoti phaa! Limanda! (Zaka zinayi ndisanamulawe, musandiweruze.) Ndinagwada pomwepo kuthokoza.

M'mawa ndinakatulutsa kuseri kwa nyumba kuti kaone dzuwa. Dzuwa lake liti? Mphepo inakakwapula tsiku lonse, pofika madzulo kanali katazyolika ngati nkhuku yodwala chitopa. Agogo achizungu oyandikana nafe, amene maso awo saona bwino, anandimva ndikudandaula. Anandilangiza ali kuseri kwa mpanda kuti mbewu yokulira m'nyumba imazolowera kunja pang'onopang'ono: lero kanthawi kochepa pamthunzi, mawa kuonjezerako.

Ndinamvera ngati malamulo khumi. Kutulutsa, kulowetsa, kutulutsa, kulowetsa. Kukazizira ndinkakafunditsa chitenje changa chopitira kutchalitchi. Ndinkakaimbira ndi nyimbo zomwe. Ndipo kanachira! Kanakula mpaka kundifika m'chiuno, kobiriwira bwino. Fungo lokha ndi lomwe linkandidabwitsa, koma ndinkati ndi dothi la kuno.

Kunyada kutandikwera, ndinasamutsira mphika kukhomo la kumsewu. Anyamata odutsa anayamba kundipatsa moni mwaulemu, ena kundikwezera chala chachikulu. Ine n'kumati, ana a kuno ndi oleredwa bwino.

Loweruka lina amayi a kutchalitchi ankabwera kwathu kumapemphero, ndipo ndinakonza zowadabwitsa ndi ndiwo zakumudzi. Nsinjiro zinali kale patebulo. Woyamba kufika anali amake Tadala, mnzanga wa ku Nkhotakota. Anandipeza pakhomo, mbale ili m'manja, ndikuyamba kuthyola masamba. Anaima chilili.

“Amake Dalitso, mapepala anu okhalira m'dziko muno atuluka?”

“Ayi, tikudikirabe.”

“Ndiye mwatopa kudikira? Mukufuna akukwezeni ndege yaulere?”

“Bwanji kodi? Si limanda uyu?”

“Limanda wa kuti? Mayi inu, ichi ndi chamba! Ine ndakulira komwe chimamera ngati udzu. Mumafuna amayi a mpingo aone masomphenya?”

Ndinaona ana anga, sukulu yawo, zaka zonse zodikira zija, zikuthera pamphika umodzi. Ndinaunyamula ndi kuthamanga nawo m'nyumba.

“Tiotche msanga kuseriko!” ndinatero.

“Kuti msewu wonse uledzere? Khalani pansi, mumwe madzi.”

Iwo ndi amene anaimbira oyang'anira nyumba, n'kufotokoza zonse m'Chingerezi chawo chosalala. Tsiku lomwelo kunabwera bambo wina pagalimoto kudzatenga mphika uja. Atamva za chitenje chija anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Mapemphero a tsiku limenelo ndinatsogolera ndine, ndipo sindinapempherepo motalika chotero.

Amake Tadala, Ambuye akudalitseni, inu ndi Nkhotakota yense.

Koma ndiulule tchimo limodzi. Galimoto ija ikunyamuka, misozi inalengeza m'maso. M'dziko lino ndabzala tomato, wafa. Ndabzala mpiru, nkhono zadya. Chinthu chokhacho chimene manja angawa analera n'kukula bwino ndi chamba.