Owerenga nkhani yanga ya chigumu

Lolemba
Nkhani yanga ya chigumu yalowa mu insaikulopediya ya pa intaneti, ija aliyense amalembamo ndi kukonza za mnzake. M'Chichewa! Abusa akuti Lamulungu ndikawaonetsa kuti anthu amawerengadi, azindipatsa mpata tikaweruka kutchalitchi wophunzitsa achinyamata kulembamo. Zoyeza ndi ziwiri: tsamba latsegulidwa kangati, lakonzedwa kangati. Zosavuta.

Lachiwiri
Owerenga akukwera! Ndikusuzumira tsambalo kuseri kwa shopu yomwe ndimagwirako ntchito ku Overport, kuno kudziko la eni, bwana asanaone. Ndikusuzumiranso. Akweranso. Kenako ndikukumbukira zomwe ndimafotokozera ena: makinawa sadziwa nkhope. Ndikatsegula ine, iwo amati kwabwera munthu.

Lachitatu
Lero ndikusala, osatsegula. Ndikutumiza linki kwa anthu akwathu. Mayankho:
a Phiri: "Nditsegule Chichewa mu taxi? Eish, mukufuna andizindikire kuti ndine wobwera?"
Mayi a Tadala, a geni ya nsalu: "Data yanga ndi ya makasitomala, aphunzitsi."
Alamu: chala cham'mwamba. Sanatsegule, ndikuwadziwa.

Lachinayi
Mkonzi wachiwiri! Alibe dzina. Wafufuta shuga m'chigumu changa, walemba kuti nthochi zakupsa zimakwanira. Ndikubwezeretsa shuga mwaulemu, ndi kufotokoza chifukwa chake m'ndime zitatu. Wachotsanso.

Lachisanu
Shuga walowa, watuluka, walowa, watuluka. Mzere wa zokonza wakwera ngati chitunda cha ku Hillcrest, wa owerenga ukutsatira pambuyo. Abusa asangalala! Ndikuwauza mayi akunyumba kuti pa intaneti pali munthu wouma mutu zedi. Akuti "Eti?" n'kupitiriza kusita.

Loweruka
Wopanda dzina walemba: "Munthu amene sanaphikepo chigumu asamalembe za chigumu. Komanso akagule magetsi." Ndikuyang'ana mita. Yatsala pang'ono kuzima. Ndikuyang'ana mayi. Akuti:
"Kwa madamu komwe ndimagwira ntchito wayifayi ndi yaulere, bambo a Chisomo."

Lamulungu
Bodza kwa abusa ayi. Ndikuwafotokozera modekha kuti tsamba kukonzedwa pafupipafupi si kutchuka, ndipo owerenga onse aja ndi anthu awiri ogona chipinda chimodzi ku Cato Manor. Akumvetsera mpaka kumapeto. Mpata uja aupereka kwa akwaya, ife atiitana ku uphungu wa mabanja.

Kunyumba ndikupeza chigumu patebulo. Chopanda shuga. Ndikudya, ndikudulanso china. Tsamba ndalisiya momwe alilembera mayi.